Ndinapita ku Brazil ndi matisheti, ndinabwerako ndi jekete lopatsidwa komanso ngongole

Mwezi watha mwana wa achemwali anga anandiimbira kuti wapeza mwayi wa sukulu ku Brazil, nde funso lake loyamba amvekere "ankolo kumeneko ndi kotentha eti, ndingotenga matisheti basi?" Ndinaseka koma kenako ndinakhala chete, chifukwa ndi mmene ndinkaganizira inenso mu Epulo 2024. Nkhaniyi ndakhala ndikuikamba zidutswazidutswa pa maliro, mu minibasi, ku ntchito, nde ndaona kuti bola ndingoilemba yonse kamodzi, aliyense amene akupita uko aziwerenga yekha.

Ine ndimagwira ntchito ndi alimi a mpunga ku Nkhotakota. Kunabwera mwayi wa kosi ya masabata awiri ya ulimi wa mpunga wothirira ku Porto Alegre, likulu la chigawo cha Rio Grande do Sul kumunsi kwenikweni kwa Brazil, kumalire ndi Uruguay ndi Argentina. Chigawo chimenechi ndi chimene chimalima pafupifupi 70 peresenti ya mpunga wonse wa dzikolo nde kwa munthu ngati ine kunali ngati kupita ku Yerusalemu. Za nyengo sindinafufuze olo pang'ono. M'mutu mwanga Brazil inali mpira, gombe la Rio, nkhalango ya Amazon ndi anthu oyenda osavala malaya. Ndinalongedza matisheti asanu, mashati awiri, thalauza zitatu ndi kajuzi kamodzi kopyapyala kamene madam anachita kundikakamiza.

Chimene sindinkachimvetsa ndi kukula kwa dziko lija. Mutatenga Malawi yense, nyanja ndi zonse, angalowe mu Brazil ka 70 malo n'kutsalako. Rio Grande do Sul payekha ndi wamkulu kuposa Malawi awiri. Nde kufunsa kuti "ku Brazil kukutentha?" ndi chimodzimodzi kufunsa kuti ku Africa kukugwa mvula. Pambuyo pake nditakhala pansi ndi mapu ndinaona kuti mzere wochoka pa Blantyre kupita kumadzulo umakafika ndendende pa Brasília, ndipo nyengo yake ndi yofanana ndi yathu, mvula kuyambira cha mu Okutobala, chilimwe chouma kuyambira Meyi mpaka Seputembala, tchire lake ngati lathu lomweli. Koma Porto Alegre ili pa mzere wa Durban. Kumeneko kulibe zoti ino ndi nyengo ya dzinja ino ndi ya chilimwe monga timawerengera ife, mvula imagwa mwezi uliwonse pa chaka, ndipo kumapiri kwake zaka zina kumagwa chipale chofewa cha azungu chija. Ine zonsezi ndinazidziwa madzi atandipeza kale.

Cholakwa choyamba chinali matikiti. Ofesi inandipatsa ndalama kuti ndigule ndekha, ine pofuna kutsalako ndi kenakake ndinagula matikiti awiri osiyana, ina ya Lilongwe kudzera Johannesburg mpaka São Paulo, ina ya kampani ina yochoka São Paulo kupita Porto Alegre, ulendo wa ola limodzi ndi theka. Zonse zotchipa zija zosasintha tsiku popanda kulipira. Inshulansi ya ulendo ndinaiona ngati kutaya ndalama. Gwirani mfundo imeneyi tibwereranso.

Cholakwa chachiwiri malo ogona. Anzanga ambiri a kosi anagona pa hotela ina kumtunda, ine ndinapeza kachipinda kotchipa kwa mayi ena achikulire, nyumba yapansi, mu dera lotchedwa Cidade Baixa. Mwa amene tinali nawo pa kosi panali bambo wina wa ku Angónia ku Mozambique, Chichewa chathu chomwechi komanso Chipwitikizi ngati madzi, ndi amene anali pakamwa panga masiku onse. Tsiku loyamba atamva kumene ndikugona amvekere "achimwene, dzina la malo amenewo mukulimva koma? Cidade Baixa ndiye kuti tauni ya kunsi." Ine ndimvekere nanga ndi vuto, Ndirande nayenso ali ndi kunsi kwake. Tinaseka zinathera pomwepo.

Sabata yoyamba inali bwino kwambiri, ndisaname. Ndinafika Lamulungu pa 21 Epulo. Tinkapita m'minda ya mpunga m'chigwa cha mtsinje wa Jacuí, dambo lathyathyathya mpaka maso kutopa, makina akukolola munda umene kwathu ukanadyetsa sikimu yonse. Anthu ake amayenda ndi kachikho ka tiyi wa masamba owawa wotchedwa chimarrão ndi fulasiki ya madzi otentha m'khwapa, amapatsirana kachikho komweko ngati mmene timachitira ndi chipanda cha thobwa kumunda, ukakana amaona ngati wawanyoza. Kunkatentha pang'ono masana, matisheti anga akugwira ntchito, ine ndimvekere mwaona madam ankangovutika.

Mvula inayamba kumapeto a sabata imeneyo, kenako kuyambira Lolemba pa 29 Epulo inatsegula zenizeni. Mu tauni momwemo siinali yoopsa kwambiri kwa munthu amene anaona Freddy ku Blantyre mu Malichi 2023, ine nthawi ya Freddy ndinali ku Chilobwe kwa alamu anga nde ndinkadziona ngati katswiri wa mvula. Pa TV ankaonetsa milatho ikugwa, misewu ikudukaduka, mapu a chigawo chonse ali ofiira, koma zonse mu Chipwitikizi ndipo mayina a malo ake Santa Maria, Lajeado, Muçum, Bento Gonçalves, ine ndikayang'ana pa foni ndikuona kuti ndi makilomita 100 kapena kuposa kuchokera pamene ndili. Ndimvekere zawo izo. Lachitatu pa 1 Meyi boma la chigawo linalengeza kuti kwagwa tsoka, ulendo wathu wakumunda unalephereka, ife tinangokhala m'kalasi.

Lachinayi pa 2 Meyi ndi tsiku limene ndimadziimba nalo mlandu mpaka lero. Achimwene a ku Angónia anandikokera pambali nthawi ya tiyi, anatenga mbale ya fulati ndi masipuni anayi n'kuyala pa tebulo. Amvekere onani, mbale iyi ndi Guaíba, chinyanja chimene chili kutsogolo kwa tauniyi. Masipuni awa ndi mitsinje, Jacuí amene wameza kale Taquari, kenako Caí, Sinos ndi Gravataí, yambiri ikuchokera kumapiri kumene kukugwa mvula mukuiona pa TV ija ndipo yonse imathira mu mbale imodzi yomweyi. Potuluka madzi amalowa mu Lagoa dos Patos, thamanda lalitali makilomita oposa 250, ndipo thamanda limenelo lili ndi khomo limodzi lokha lopapatiza lolowera m'nyanja yamchere, kumunsi ku tauni ya Rio Grande. Nde mphepo ikamachokera kumwera imakankha madzi kuwabweza. Amvekere "inu a ku Nkhotakota mwera simukuudziwa?" Ndinaudziwa bwino lomwe. Ndipo za Chiromo pamene Ruo amakumana ndi Shire madzi n'kubwerera m'midzi ndinkazidziwanso. Amvekere ine ndasintha tikiti ndikunyamuka usiku uno, setifiketi adzanditumizira, tiyeni.

Ndinayang'ana pa foni, kusintha tikiti yanga ya ku São Paulo kuchoka Loweruka kubwera Lachinayi ankafuna ma reais (ndalama za ku Brazil) 850, nthawi imeneyo cha m'ma K290,000, kuphatikiza ndi kugona masiku awiri ku São Paulo. Ndinaganiza za alawansi yanga imene ndinali nditaiwerengera kale matumba a simenti. Ndimvekere achimwene pitani, ine ndi masiku awiri okha atsala, komanso tauniyi ili ndi khoma. Zoonadi khoma lilipo, analimanga m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha chigumula cha 1941, pamodzi ndi zitseko zachitsulo ndi nyumba za mapampu. Anandiyang'ana kwa kanthawi amvekere "chabwino akulu, koma pasipoti muziyenda nayo m'thumba." Malangizo amenewa okha ndi amene ndinamvera, ndipo ndi amene anandipulumutsa.

Lachisanu pa 3 Meyi kosi inatsekedwa mwachangu m'mawa, opanda ngakhale zithunzi. Masana madzi anayamba kulowa pakati pa tauni, chitseko china cha khoma lija chinagonja, depoti yaikulu ya mabasi inalowa madzi, msika wakale wa Mercado Público chimodzimodzi. Usiku womwewo ndikulongedza chikwama uthenga unalowa pa foni, bwalo la ndege la Salgado Filho latsekedwa. Ndinaganiza kuti mwina ndi za tsiku limodzi. Abale, bwalo lija linakatsegulidwanso pa 21 Okutobala. Madzi anadzaza msewu wa ndege ndi mkati momwe mwa nyumba yake, chifukwa nalonso lili pa dambo pafupi ndi mtsinje wa Gravataí.

Apa ndi pamene matikiti awiri aja anandiluma. Kampani ya ndege ya m'dzikomo inati palibe vuto, tikubwezerani kapena musankhe bwalo lina. Koma ya ku Johannesburg ija amvekere ndege yathu ikunyamuka ku São Paulo pa nthawi yake, São Paulo kuli dzuwa, ngati simufika ndiye kuti mwaphonya nokha. Ndinayesa kufotokoza, ndinatumiza zithunzi, ndinaimba mpaka mayunitsi kutha. Akanakhala matikiti a buking'i imodzi bwenzi ili nkhani yawo kundifikitsa kwathu. Chonde ngati mukupita tauni ina iliyonse ya mkati mwa Brazil gulani tikiti imodzi kuchokera Lilongwe kapena Chileka mpaka kumene mukukatsikira, olo ikwere ndi madola 100.

Chimene chinandisokoneza mutu kwambiri ndi ichi. Lamulungu pa 5 Meyi ndi Lolemba kunja kunali dzuwa, kumwamba kuli mbee, koma madzi akukwerabe. Lamulungu lomwelo Guaíba anafika mamita 5.3 ndi kuposa, pamene chigumula cha 1941 chimene agogo a kumeneko ankachisimba chinalekera pa 4.76. Ife tinazolowera Freddy, madzi obwera ndi mkokomo usiku, matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, m'mawa zatha mukuwerenga maliro. Awa anali ena, madzi aulesi, obwera mwakachetechete ngati munthu wodzapempha moto, ndipo akafika sachoka. Mvula inagwa kutali kumapiri masiku atatu anayi apitawo, m'madera ena yopitirira mamilimita 500 m'masiku ochepa, kuposa theka la mvula ya Lilongwe ya chaka chathunthu, ndiye imafika kwa ife mochedwa dzuwa likuswa mtengo.

Ku Cidade Baixa mpaka Lolemba m'mawa kunali kouma, ine ndi mayi eni nyumba tikumwa khofi, magetsi akuthimathima, m'mipopi mulibe madzi chifukwa malo ambiri oyeretsera madzi anali atamira kapena kuzimitsidwa. Tangoganizani, tauni yozunguliridwa ndi madzi koma anthu akulimbirana botolo la madzi akumwa mu shopu. Cha masana tinangomva anthu akukuwa mumsewu, magalimoto akuimba mahutala. Nyumba ya mapampu ya dera lathu inali itazimitsidwa, nde madzi sanachokere kunyanja ayi, anatulukira m'ngalande za pansi pa msewu, akuda, onunkha, akubwatamuka pa zivundikiro zija. Mayi aja anandigwira dzanja akulankhula mothamanga, ine ndinangomva mawu amodzi, "vamos, vamos." Pamene ndimamaliza kuponya zinthu mu chikwama chakumsana madzi anali mu akakolo, pamene timafika pa kona anali m'mawondo. Sutikesi ndinaiika pamwamba pa wadiropu n'kuisiya, mpaka lero sindinaionenso, munali mabuku onse a kosi ndi mphatso za ana.

Cholakwa china apa, ndinavula nsapato kuti zisanyowe n'kuvala masilipasi. Silipasi imodzi inapita ndi madzi, ndinaponda chinthu chakuthwa chinandicheka pansi pa phazi, kabala kakang'ono koti kwathu sungakatchule n'komwe. Ndinayenda nako m'madzi amenewo mwina mphindi 20 nditanyamula kagalu ka mayi aja, iwo atanyamula chikwama cha mankhwala awo. Musavule nsapato. Zinyowe, zidzauma.

Anatitengera pa holo ya masewera ya sukulu ina kumtunda, ndinagona pamenepo masiku awiri pa matiresi pansi pamodzi ndi anthu mazana, ana, agalu, amphaka, nkhalamba. Pano ndiyenera kunena chilungamo, anthu aja anandisamala ngati m'bale wawo. Palibe anandifunsa pepala lililonse kupatula dzina. Achinyamata ongodzipereka ankabweretsa mpunga ndi nyemba zakuda zotentha, ena ankapita ndi maboti awo ndi ma jet ski kukatenga anthu pa madenga ku Canoas ndi ku Eldorado do Sul. Mtsikana wina wophunzira za nyengo pa yunivesite amene ankatha Chingerezi ndi amene anandimasulira zimene zinachitika kumwamba. Amvekere pakati pa Brazil pakhala chimpweya chotentha chouma chimene chakhazikika ngati chivundikiro, n'chifukwa chake ku São Paulo anthu akutuluka thukuta mu Meyi. Mphepo yozizira yochokera ku Argentina ikufuna kukwera kumpoto koma yatsekeredwa, nde yangoima pamwamba pa ife. Kwinaku chinyezi cha ku Amazon chimayenda m'mwamba ngati mtsinje, chikagunda mapiri a Andes chimakhotera kumwera n'kudzathira pompano. Pamwamba pa zonsezo El Niño.

Atatchula El Niño ndinangoti kakasi. Mu Malichi 2024 a Chakwera anali atalengeza za tsoka la chilala m'maboma 23 mwa 28, chimanga cha mayi anga ku Dowa chinapserera chisanabereke, ndipo aliyense ankati ndi El Niño. Ndimvekere chinthu chomwecho chimene chaumitsa munda wa amayi ndi chimene chandimiza kuno? Amvekere eya, kwa inu chimachotsa mvula, kumwera kwa Brazil chimaonjezera, ndipo kumpoto ku Amazon chimaumitsanso, mu Okutobala 2023 mtsinje wa Negro ku Manaus unaphwa kufika pamene sunafikepo chiyambire kuyeza. Dziko limodzi lomwelo, kwina maboti ali pa mchenga kwina ndege zili m'madzi. Anandiuzanso kuti chigwa cha Taquari chinali chitasefukira kale mu Seputembala 2023 anthu n'kufa. Ndikanangolemba dzina la chigawo chija pa Google ndisananyamuke bwenzi nditaziona.

Anandionetsanso kanthu kena kamene ndikanakonda kudziwa tsiku loyamba. Ukatumiza nambala ya positi ya dera limene ukugona, amaitcha CEP, pa SMS ku 40199, a Defesa Civil, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amakutumizira machenjezo a dera lakolo, ulere. Ndipo a zanyengo a INMET amaika mapu a mitundu, chikasu, olenji, kufiira. Kufiira sikufuna kudziwa Chipwitikizi. Ine mapu ofiira ndinkawaona pa TV sabata yonse ndikumwa khofi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Kenako kunabwera kuzizira. Mphepo itatembenuka kuchokera kumwera usiku mu holo muja munkalowa chisanu chofika m'mafupa, chiperoni cha ku Thyolo chimachepa, ndipo amati Meyi ndi chiyambi chabe, Juni ndi Julayi ndiye eni ake, mphepo yake ili ndi dzina lomwe, minuano. Ine ndili ndi tisheti, kajuzi ka madam konyowa, ndi silipasi imodzi. Bambo wina wa pa tebulo la zovala zopereka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osalankhula, anakandisankhira jekete lalikulu labuluu ndi nsapato zokula ndi saizi imodzi. Ine munthu wa ntchito yanga, wa alawansi ya madola, kuima pa mzere wa zovala zopatsidwa. Manyazi anandigwira koma kuzizira kunaposa manyazi.

Kunyumba nako kunali moto. Kusiyana kwa nthawi ndi maola asanu, nde ine ndikamapeza pochajira foni madzulo kwathu ndi pakati pa usiku. Madam anaona pa Facebook kavalo uja anaima pa denga la nyumba ku Canoas masiku angapo, amene anamutcha Caramelo, amvekere "bambo a Tiya, ngati kavalo ali pa denga inu muli pati?" Pawa banki ndinalibe. Khadi langa la ku banki linkagwira pena pena osagwira, anthu a kumeneko amalipira chilichonse ndi Pix pa foni koma imafuna akaunti ya konko, nde chimene chinandithandiza ndi ma reais 600 a kashi amene ndinali nditasintha kuti ndigulire ana zinthu. Muziyenda ndi kashi ya dziko lomwelo yokwana masiku atatu, yosiyana ndi ya mphatso.

Kutuluka mu tauni inali nkhani ina. Misewu ikuluikulu yakumpoto ndi kumadzulo inali m'madzi, njira imene inatsala inali yakum'mawa yodzera Viamão kupita kugombe, ndipo tauni yonse inkathawira komweko. Lachitatu pa 8 Meyi mtsikana uja anandipezera malo mu galimoto ya banja lina lopita ku Florianópolis, ndinathandizira mafuta ma reais 300. Ulendo wa makilomita pafupifupi 460 umene amati ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ife tinayenda maola 11, bampa ku bampa mpaka Osório, mafuta akugulitsidwa mopimira. Mayi eni nyumba aja ndinawasiya pa holo akudikira mwana wawo, tinatsanzikana ndi manja basi, iwo akulira ine ndikulira, chilankhulo palibe.

Ku Florianópolis ndege zopita ku São Paulo zinali zodzaza ndipo mitengo yake inali ya misala chifukwa aliyense wa ku Porto Alegre ankakwerera kumeneko. Ndinagona masiku awiri pa kahositelo, ma reais 260, ndikulimbana ndi nkhani ya tikiti yakwathu, mapeto ake achimwene anga a ku Joni ndi amene anandibwereka madola 610 kuti andilembenso pa ndege ya pa 12 Meyi. Ku São Paulo ndinapita pa basi ya usiku, ma reais 290, makilomita 700, maola 12. Basi imeneyo ndi imene inandiphunzitsa jogalafe imene ndinaithawa ku sekondale. Umachoka pagombe, kenako basi imayamba kukwera chikhoma cha mapiri a Serra do Mar makutu kutsekeka, ukafika Curitiba uli pa mamita oposa 900, tinaima pamenepo pakati pa usiku mpweya ukutuluka utsi mkamwa ine ndikuthokoza jekete labuluu. Kutacha tikulowa São Paulo anthu ali m'makabudula. Usiku umodzi, nyengo zitatu, ndipo pa mapu a Brazil ndinali nditangoyenda kachidutswa ka pansi.

Ndikawerengera zonse, galimoto, hositelo, basi, chakudya ndi zina zing'onozing'ono zinakwana ma reais 1,200, kuphatikiza madola 610 aja, zonse pamodzi cha m'ma madola 850, pa mtengo wa ku banki nthawi imeneyo pafupifupi K1.5 miliyoni. Osawerengera sutikesi. Ndinakana kulipira K290,000 Lachinayi lija. Ofesi inandibwezerako theka patapita miyezi inayi, atandifunsa kaye kuti inshulansi inali kuti. Ndinafika kunyumba mochedwa ndi masiku asanu ndi atatu. Achimwene a ku Angónia anali atafika kwawo kalekale, atandilembera pa WhatsApp sanandinyoze, amvekere "mwafika akulu? Mulungu ndi wamkulu," zimene zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Ndinkaganiza kuti zatha koma ayi. Patatha masiku atatu ndili kunyumba thupi linatentha, mutu ngati ukung'ambika, kuphwanya m'thupi makamaka akatumba a m'miyendo, maso ofiira. Ku Nkhotakota ukatentha thupi aliyense amadziwa kuti ndi malungo, nde ndinapita pa kachipatala kena, anayeza, malungo mulibe. Anandipatsa panado kuti ndibwere mawa. Mawa lake chimodzimodzi, malungo mulibe, ine ndikulephera ndi kuponda pansi komwe. Madam ndi amene anauza adokotala kuti bambowa anayenda m'madzi a chigumula kunja ali ndi bala kuphazi, ine sindinaone ngati n'zofunika kunena. Adokotala anasintha nkhope pompo, amvekere zikufanana ndi leptospirosis, matenda ochokera mu mkodzo wa makoswe umene umasakanikirana ndi madzi osefukira n'kulowera pa bala, amatha kubisala sabata imodzi kapena awiri ndipo akachedwa amagwira impso. Anandiyamba doxycycline tsiku lomwelo n'kunditumiza kukayezetsa magazi ku Lilongwe. Ndinagona sabata ziwiri. Pambuyo pake ndinamva kuti ku Rio Grande do Sul komweko anthu angapo anamwalira ndi matenda omwewa madzi ataphwa. Ndipo chondipweteka, pa holo paja panali tebulo la anamwino, chithandizo cha boma ku Brazil ndi chaulere olo kwa mlendo, ndikanangowaonetsa phazi. Mukabwera kochokera ku madzi otere n'kudwala, muuzeni dokotala kumene mwachokera asanakufunseni.

Ine ndinataya ndalama ndi sutikesi basi. Chigumula chija chinapha anthu oposa 180, chinakhudza anthu oposa 2 miliyoni ndi matauni oposa 470 mwa 497 a chigawo chija, ndipo m'madera ena a Porto Alegre madzi anakhala pafupifupi mwezi. Mayi eni nyumba aja mwana wawo ananditumizira chithunzi mu Juni, mzere wa matope pa khoma uli cha m'chiuno, mipando yonse ili pa mulu mumsewu, wadiropu ija inafufuma n'kugwa chafufumimba.

Nde mwana wa achemwali uja ndinamufunsa kuti Brazil yake iti, tauni yanji, mwezi wanji. Amvekere Pelotas, mu Julayi. Ndinatsegula mapu, Pelotas ili m'chigawo chomwecho, kumunsi kwa Porto Alegre, m'mphepete mwa Lagoa dos Patos, kumene madzi athu aja anakafikira patatha masiku angapo. Ndamuuza afunse kaye ngati chipinda chake chili pansi kapena pamwamba, agule tikiti imodzi ndi inshulansi, ndipo Loweruka akubwera kudzatenga jekete labuluu, ndi lalikulu kwa iye koma apinda manja.